Mlamba Wovala Mphete ya Mkuwa

Dzuwa linali litatsala pang'ono kulowa pamene Zakiya anatsikira pa masitepe a ngalande, mapoto ali pamutu. Tsiku lililonse ankatero. Mpopi m'nyumba mwake unalimo, koma iye ankati madzi a mumpopi sachotsa mwaye, ndipo palibe ankalimbana naye, poti pakamwa pa Zakiya tonse a ku Kafr Abu Nadda tinkapadziwa. Anakhala pansi, natapa phulusa ndi mchenga, n'kuyamba kukwecha. Poto aliyense ankayamba wamutembenuza kuti aone timadontho titatu tokhomedwa kunsi kwake. Chimenecho chinali chizindikiro cha mwamuna wake, Usta Shehata, mmisiri wamkulu wa pa fakitale ya mapoto ya Haji Ragab.

Fakitaleyo inali tsidya lina la ngalande, moyang'anana ndi masitepewo. Kwa zaka makumi anayi, phokoso lochokera mmenemo linali limodzi: kulira kwa chitsulo cha mmisiri chikamakanikiza aluminiyamu pa chikombole chozungulira, mpaka chimbale chaphwatalala chisanduke poto. Ife tinakulira m'phokoso limenelo ndipo sitinkalimvanso. Koma tsopano panali patatha milungu itatu kukumveka lina lachilendo, lolemera, logwedeza madzi a m'ngalande. Gu! Kenaka bata. Gu!

"Amake Tharwat, kwechani bwino mapotowo, ndi omaliza," anatero Fathiya, mnansi wake, amene ankachapa pa sitepe ya mmunsi. "Akubwerawa ndi ana opanda bambo."

"Tsuka zakozo, iwe. Poto wopangidwa ndi chigaluchi angapse nyemba?"

"Akuti makina atsopanowo amatulutsa khumi amuna anu asanamalize mmodzi."

"Nawenso unabereka khumi. Alipo waphindu?"

Amayi ena anaseka, Fathiya nayenso anaseka, koma Zakiya sanaseke.

Ife a mudzi uno kuyamba chinthu chatsopano sikutivuta. Chimene chimatikanika n'kuchilera. Haji Ragab anagulapo makina a kunja opangira zivundikiro. Anagwira ntchito chaka chimodzi, kachitsulo kena katathyoka kanasowa m'dziko lonse, ndipo lero mumaikira nkhuku. Anabweretsapo ng'anjo yamakono, munthu woidziwa atapita kukagwira ntchito ku maiko a mafuta inazima mpaka kalekale. Pamene tinkachita zimenezi, mapoto otchipa ochokera kutsidya kwa nyanja anali atadzaza misika, ndipo amalonda amene ankagona pakhomo pa Haji kudikira katundu anayamba kudutsa osaimika galimoto.

Ndiye kunabwera makina atsopanowa. Sanagulidwe kunja, anapangidwira momwemo, m'chipinda chokiya cha kuseri, kuchokera ku zitsulo zotayidwa. Anali ndi chinkhonya chachitsulo chimene chinkamenya kamodzi poto n'kutuluka, komanso chipaipi chokoka fumbi lonse n'kulitulutsira kunja. Haji analengeza kuti amene wawapanga ndi injiniya Medhat wa ku Mansoura, mwamuna wa nsapato zoyera amene ankabwera Lachinayi lokha. Jekete lake lotuwa la ntchito, lolembedwa dzina lake pathumba, linkakhala pa msomali pafupi ndi makinawo.

Madzulo amenewo Usta Shehata anabwera kunyumba opanda chitsulo chawo. Masiku onse ankabwera nacho, chokulungidwa m'nsalu, ndipo ankachigoneka pansi pa bedi. Anakhala pamphasa, manja ali pamawondo, n'kutsokomola chifuwa chawo chija chimene chinkatulutsa makhololo otuwa ngati phulusa.

"Chitsulo chili kuti, bambo ake Tharwat?"

"Andipatsa mpando."

"Mpando wanji?"

"Wokhalapo. Ndiziyang'ana mapoto a makina ngati ali ndi chilema. Akuti andikweza."

Chakudya chinali mpunga ndi denje, koma sanachikhudze. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Tharwat, mwamuna wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu amene ankakonza zamagetsi pa fakitale yomweyo, anangoyang'ana m'mbale. Mayi ake anam'nyemera mbali yopserera ya buledi, imene ankaikonda chiyambire ali wamng'ono, n'kumuikira pambali pa mbale.

"Bambo, mwina chifuwa chanu chipumako," anatero mwana uja motsitsa mawu. "Fumbi lija likukudyani."

"Wopuma ali kumanda, mwanangu. Manja awa adakudyetsa, adakuphunzitsa sukulu. Lero ndikawauze chiyani?"

Zakiya anayang'ana manja amenewo, akuda, a zipsera, ali pa mawondo, ndipo anaona msozi ukutsika pa tsaya la mwamuna amene sanalire ngakhale pa maliro a mayi ake. Mtima wake unapsa.

"Wopanga chinthu chimenechi manja ake aume," anatero. "Aume gwa, asadzagwirenso ngakhale supuni."

"Mayi, musatero."

"Ndatero! Ukumuikira kumbuyo ndi m'bale wako?"

Tharwat anadzuka n'kutuluka, buledi uja ali pomwepo.

Temberero la pakamwa limapita ndi mphepo, ndipo akanasiyira pomwepo bwenzi ndilibe nkhani yokuuzani. Koma panatha milungu iwiri Usta Shehata akuonda pa mpando wawo uja, ndipo Zakiya anakumbuka Nabawiya, mayi wokhala kuseri kwa manda a mudzi woyandikana nawo. Tonse tinkanena kuti sitikudziwa kumene amakhala, koma njira ya kwawo sinkamera udzu.

Nabawiya safuna zambiri. Amafuna kanthu kamene kanamwa thukuta la munthuyo. Lachisanu masana, amuna onse ali ku mzikiti, Zakiya analowa m'fakitale ndi chakudya cha mwamuna wake monga mwa masiku onse. Mlonda wa pachipata, nkhalamba Sobhi, anam'patsa moni. Mkati munalibe munthu. Anatulutsa lumo, nadula kachidutswa ka kolala ya jekete lotuwa lija, pamene panada ndi thukuta la m'khosi.

M'nyumba ya Nabawiya munkanunkha lubani wopserera ndi matope. Pakona panali beseni lovundikira, ndipo m'katimo china chake chinkagunda.

"Dzina?" anafunsa Nabawiya.

"Medhat."

"Mwana wa mayi uti? Kuno sitiitana munthu ndi dzina la bambo ake. Bambo amakayikitsa, mayi sakayikitsa."

"Dzina la mayi ake sindilidziwa. Ndi wa mumzinda."

Nabawiya ananunkhiza kansalu kaja nthawi yaitali, akumuyang'ana Zakiya m'maso.

"Ndiye tisiye mayina, tiyende ndi thukuta. Thukuta limadziwa mwini wake. Ukufuna chiyani?"

"Sindikufuna afe. Manja okhawo, amene anapanga makinawo."

"Manja ali ndi mwini wake, mwana wanga. Ndipo ndikuuziretu, za pa mlamba sizibwezeka. Zokwirira pakhomo munthu amafukula. Zoika m'manda amafukula. Koma nsomba ikapita yapita."

"Ipite."

Nabawiya anasokera kansalu kaja pa mphete ya mkuwa, navundukula beseni. Munali mlamba wakuda, wautali ngati mkono wa munthu. Anaubowola mlomo wa mmunsi, napisamo mpheteyo, n'kuipana ndi mano ake. Anauza Zakiya kuti akautaye yekha m'ngalande dzuwa likamalowa, pamene mzikiti ukuitana anthu ku swala, ndipo asatchule dzina la Mulungu. Zakiya, amene sankathira ngakhale madzi otentha pansi osanena bisimila, anachita monga anauzidwa. Mlamba uja sunathawe pompo. Unayandama kaye, ndevu zake zikugwedera, kenaka unamira.

Patatha masiku atatu, mapoto anayamba kulira.

Zinkachitika dzuwa likangolowa, antchito akusamba m'manja kuti aweruke. Mapoto osanjikizana m'nyumba yosungira katundu ankayamba kulira okha, pang'onopang'ono, kuyambira mzere wa kukhomo kumka m'kati, ngati pali chinthu chikudzikhukhuza pa iwo podutsa. Kenaka kunkabwera fungo. Linali fungo la matope a pansi pa ngalande, lozizira, lowola, lolowa mpaka m'zovala. M'mawa ankapeza mkukuluzi wonyowa pa simenti, wochokera pachipata kukathera pa msomali wa jekete lija.

"Wamva dzulo?" antchito ankafunsana.

"Sindinamve kanthu."

"Nanga unathawiranji?"

"Ndimathamangira swala."

Amphaka a pa fakitale anali anayi. Anawapeza onse tsiku limodzi atafa pansi pa makina, m'kamwa muli matope. Anthu anati makinawo sanapatsidwe magazi. Haji Ragab anazinga nkhosa yamphongo pakhomo, naviika dzanja m'magazi n'kudinda zikhatho zisanu pa chinkhonya chija. Anaitana shehe kudzawerenga, anafukiza lubani mpaka oyandikana nawo anatsokomola. Madzulo ake mapoto analira kuposa kale.

Nkhalamba Sobhi ndi amene anati atsatire mkukuluzi uja kuti aone chimene chimaukoka. Anauza anthu pa malo omwera tiyi kuti iye anakhalapo msilikali, sangaope chinthu chokwawa. M'mawa mwake anam'peza atakhala pa mpando wake wa pachipata, ndodo ili m'manja, maso ali tong'o. Zovala zake zinali zouma. Koma osambitsa maliro atam'tembenuza, m'kamwa ndi m'mphuno munatuluka madzi obiriwira a m'ngalande okwana kudzaza ndowa.

Zakiya anapita ku malirowo, analira ndi amayi anzake, ndipo misozi yake inali yeniyeni. Koma anadziuza kuti Sobhi anali wokalamba. Lachinayi lililonse ankaima pa masitepe kudikira galimoto ya injiniya, kuti aone ngati manja ayamba. Medhat ankatsika akuseka, akugwedeza makiyi pa chala, ndipo ankaoneka kuti akunenepera.

Amene anagwetsa supuni ndi Tharwat.

Anaigwetsa pa chakudya cha madzulo, naitola, n'kuigwetsanso. Mayi ake atam'gwira dzanja anapeza lili lozizira ndi loterera. Anati ndi chimfine. Patatha mlungu sankathanso kumanga mabatani a malaya. Ankamwa madzi mtsuko wathunthu n'kumadandaulabe ludzu. Pilo wake ankapezeka wonyowa m'mawa uliwonse, ndipo fungo lija linasamuka ku fakitale n'kulowa m'chipinda chake. Anapita naye ku chipatala cha mumzinda. Madokotala anamuyeza magazi, anamujambula chifuwa ndi mutu, n'kunena kuti sakuona chilichonse.

Mwina mukufunsa kuti mayiyo analephera bwanji kuzindikira. Inenso ndakhala ndikudzifunsa. Koma munthu amene wakonza choipa amayang'ana kumene anachilozetsa, sayang'ana pa mphasa yake. Zakiya ankati injiniya uja ndi wokhwima, wabweza matsenga n'kuwaponyera pa mwana wake, ndipo chidani chake chinakula. Anafukiza lubani m'nyumba, anawaza mchere m'makona, anamangirira mkanda wabuluu pa bedi. Ankakhala pambali pa mwana wake akum'sisita manja ndi mafuta otentha.

"Mayi, ndikagona ndimalota ndili pansi pa madzi."

"Ndi malungo chabe, mwanangu."

"Kuli mdima. Ndimamva mukukwecha mapoto pamwamba panga, koma ndikakuitanani simumva."

"Khala chete. Ndili pano."

Tharwat atatha milungu iwiri osapita ku ntchito, makina aja anaima. Chinkhonya chinatsika n'kukakamira pansi, osabwereranso m'mwamba. Haji Ragab anadikira Lachinayi, antchito onse anasonkhana kuti aone injiniya akukonza chinthu chake. Medhat anachizungulira katatu. Anagogoda apa, nasuzumira apo. Anafunsa kuti chozimitsira chili kuti, ndipo mmisiri wina anaseka mokweza. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Pamaso pa anthu onse, mwamuna wa nsapato zoyera anatambasula manja.

"Haji, musandivutitse. Inu mukudziwa kuti ine ndinangosaina mapepala. Kaitaneni mwini wake."

Haji Ragab anafika kunyumba kwa Usta Shehata madzulo omwewo, nkhope ili yakugwa. Anam'peza Tharwat atagona, manja ali pamwamba pa bulangeti, otupa ndi otuwa. Bambo ake anali atakhala kumiyendo. Zakiya anapita kukakonza tiyi, ndipo pobwera ndi thireyi anaima pakhomo la chipinda, chifukwa anamva Haji akulankhula ngati munthu wopempha.

"Mwana wanga, ndikhululukire, chinsinsi chathu chatha. Makina ako aima. Tiuze pokhudza."

"Makina a ndani?" anafunsa Usta Shehata.

Tharwat anatembenuzira nkhope kukhoma.

"Ndi ake, Usta," anatero Haji. "Chitsulo chilichonse anachisankha yekha, anachiwotcherera yekha. Zaka ziwiri, m'mawa uliwonse anthu asanafike. Ine ndinati amalonda ndi a m'maofesi sangakhulupirire chinthu chopangidwa ndi mwana wa mmisiri wopanda digiri, tipeze dzina la injiniya. Iye anavomera msanga. Anati chachikulu inu musadziwe."

"Chifukwa chiyani, mwanangu?" anafunsa Usta Shehata.

"Ndinkakumvani mukutsokomola, bambo," anatero Tharwat akulirira kukhoma. "Dokotala uja anandiuza pambali kuti mukapitiriza kupuma fumbi simutha zaka ziwiri. Ndinayamba ndi chipaipi chokoka fumbi. Kenaka ndinaona kuti fakitale ikufa, ndinati ndipange zonse. Mpando uja ndinakupempherani ndine. Ndinkati mukwiya mwezi umodzi, kenaka muzolowera. Koma mutabwera opanda chitsulo chanu, ndinachita mantha."

Usta Shehata anagwira dzanja lotupa lija n'kulitembenuza, monga momwe mkazi wawo ankatembenuzira poto. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Zitsulo zotayidwa?" anafunsa. "Wekha?"

"Ndekha, bambo."

"Ndiye ndiwe Usta, mmisiri wamkulu, kuposa ine."

"Zojambula zake zili kuti?" anafunsa Haji. "Unalemba pati?"

"Munati mapepala ndi a injiniya, Haji. Zanga zili m'mutu. Kabuku kakang'ono kokha ka miyeso kali m'thumba la jekete lotuwa lija."

"Jekete la Medhat?"

"Iye analivala tsiku lojambulitsa lokha. Ndimavala ndine m'mawa uliwonse. Mulizindikira, wina anadula kolala."

Thireyi inagwa. Matambula anasweka, tiyi anayenderera mpaka pansi pa bedi. Zakiya sanakuwe. Anagwada pa magalasi oswekawo, n'kukwawa mpaka pa bedi, mawondo akuchucha magazi.

"Ndine," anatero. "Kolala ndinadula ndine."

"Ukuti chiyani, Zakiya?"

"Ndinapita kwa Nabawiya. Ndinkafuna injiniya. Mulungu ndi mboni, ndinkafuna mwana wa wina!"

Akuluakulu amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mawu amenewa ndinawamva kambirimbiri pa maukwati ndi pa milandu, koma sindinawaonepo ataima m'chipinda ngati tsiku limenelo.

Anathamanga wopanda nsapato, wopanda mpango kumutu, kudutsa pakati pa mudzi, anthu akutuluka m'nyumba kumuyang'ana. Amuna ena anam'tsatira. Nyumba ya Nabawiya anaipeza yotsegula. Munalibe mphasa, munalibe chovala, phulusa la pa mbaula linali lozizira. Beseni lokha ndi limene linatsala pakona, lodzaza madzi, ndipo madziwo ankagwedezeka ngakhale munalibe kanthu. Mpaka lero palibe anamuonanso mayi ameneyo.

Usiku usanagwe, mudzi wonse unali utadziwa. Ana a Sobhi anabwera ndi zibonga, koma atafika pakhomo n'kuona mayi uja atakhala m'fumbi akudzimenya makofi kumaso, anabwerera. Panalibe chilango chimene akanam'patsa choposa chimene anali nacho kale.

Chiyembekezo chinatsala chimodzi. Chaka chilichonse m'nyengo yozizira amatseka madzi a m'ngalande kwa masiku angapo kuti achotse matope, ndipo nthawiyo inali itayandikira. Madzi ataphwa, amuna onse a Kafr Abu Nadda analowa m'matope: amisiri a pa fakitale, alimi, ogulitsa tiyi, ngakhale ana a Sobhi. Haji Ragab anavula nsapato nalowa nawo. Kuzizira kunkaluma mafupa. Milamba imabisala pansi pa matope, ndiye ankaifufuza ndi mapazi ndi manja, n'kumaiponya kumtunda kumene Zakiya ankaigwira umodziumodzi n'kuiyasamitsa.

"Uwu?"

"Ayi."

"Nanga uwu? Ndi waukulu."

"Ulibe mphete. Funani, abale anga, funani!"

Anafuna masiku asanu ndi anayi, kuyambira pa mlatho wa kumtunda mpaka kumene ngalande imakumana ndi inzake. Milamba inaunjikana mulu, amphaka ndi agalu anakhuta, koma ya mphete panalibe. Fathiya, uja wa pakamwa, ndi amene ankabweretsa tiyi wotentha kwa ofufuzawo, ndipo ndi amene ankam'kakamiza Zakiya kudya.

Kunyumba, Usta Shehata anali ndi kabuku ka miyeso kaja ndi pensulo. Ankati mwana awauze zonse kuti makina asafe. Tharwat ankayesetsa, koma mawu ake ankatuluka ngati a munthu wolankhula m'kamwa muli madzi, ndipo ankasokonekera pakati pa chiganizo. Analemba masamba atatu okha.

Tsiku lakhumi anatsegula madzi. Tinawamva akubwera chakumadzulo, akukokolola zinyalala, ndipo amuna anatuluka m'ngalande osayang'anana. Zakiya anabwerera kunyumba matope ali mpaka m'tsitsi, n'kuima pakhomo la chipinda. Sanayerekeze kulowa.

"Mayi," anatero Tharwat. "Lowani. Mukuopa chiyani?"

"Sindinaupeze, mwanangu."

"Ndikudziwa. Unali pansi pa masitepe anu. Ndinkamva mapazi anu."

"Nditemberere. Chonde, nditemberere kuti mtima upume."

"Munkamenyera nkhondo bambo. Inenso ndinkamenyera nkhondo bambo." Anayesa kumwetulira. "Ndili ndi njala, mayi. Buledi wopserera alipo?"

Anathamangira kukhitchini. Mzikiti unayamba kuitana. Tsidya lina la ngalande mapoto onse analira nthawi imodzi, kenaka anakhala chete. Pamene ankabwera ndi buledi m'manja, anapeza Usta Shehata akupukuta matope pakamwa pa mwana wawo ndi m'mphepete mwa mkanjo wawo.

Makina aja sanadzukenso. Anabwera amisiri a mumzinda, anawerenga masamba atatu aja, anamasula zitsulo n'kulephera kuzibwezera. Haji Ragab anabwezera Usta Shehata chitsulo chawo, ndipo Usta anagwira nacho ntchito miyezi isanu ndi umodzi m'fumbi lomwe lija, mpaka fakitale inatsekedwa. Amalonda anali atapita kale. Zimandiwawa kunena kuti munthu yekhayo amene akanaupulumutsa mudzi uno tinam'bisa m'jekete la munthu wina, ndipo tonse, osati mayi ake okha, tinkamutukwana pa malo omwera tiyi osadziwa kuti wakhala nafe pa tebulo.

Usta Shehata sanam'thamangitse mkazi wawo. Abale awo atawauza kuti am'siye, anangoti, "Ndikam'siya, ndidzalira ndi ndani? Ndi iye yekha amene akudziwa kukula kwa chimene tataya." Anamwalira chaka chotsatira, ndi chifuwa.

Patatha masiku makumi anayi chimwalirire Tharwat, Zakiya anatsikiranso pa masitepe ndi mapoto ake. Amayi anamusunthira malo osalankhula. Anatapa phulusa, natembenuza poto, nayang'ana timadontho titatu. Mzikiti utayamba kuitana, madzi a pafupi ndi phazi lake anagwedezeka, ndipo mutu wakuda unatuluka pang'onopang'ono. Pa mlomo wa mmunsi panali mphete ya mkuwa, ndi kansalu kotuwa.

"Gwirani!" anakuwa Fathiya. "Amake Tharwat, ndi umenewo! Tengani mwala!"

Amayi ena anali atathawira kale kumtunda, zochapa zili mbwee. Zakiya sanatole mwala. Mlamba uja unasendera n'kugoneka mutu pa phazi lake, ndevu zikugwedera. Anauyang'ana, ndipo iwo unamuyang'ana. Kenaka anapisa dzanja m'thumba la diresi lake, natulutsa buledi wouma amene anakhala akuyenda naye chiyambire tsiku lija, n'kunyema mbali yopserera.

Kuno kwathu palibenso amene amadya mlamba, ndipo amayi amachapira pa mpopi. Koma mukadutsa pa masitepe aja dzuwa likulowa, mudzaona nkhalamba yovala zakuda itakhala yokha, itaweramira m'madzi, kuseri kwake kuli fakitale ya mazenera osweka. Musaime. Mukaima mudzamva zimene ine ndinamva, ndipo sizichoka m'khutu.

"Idya, mwanangu. Ndakubweretsera yopserera. Manja ali bwanji lero?"